Momwe banja lingakwerere nsonga zingapo za mapiri tsiku limodzi kuchokera ku Mzuzu

Ulendo wokwera nsonga zitatu kapena zinayi tsiku limodzi, muli ndi ana ndiponso mwina agogo awo, ndi wotheka ndithu kuno kumpoto, chifukwa mzinda wa Mzuzu unakhala kale pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 ndipo mapiri sali kutali. Chimene chimasiyanitsa ulendo wotere ndi wokwera phiri limodzi n'chakuti pakati pa nsonga ina ndi inzake pamakhala mpata umene muyenera kutsikiramo musanayambenso kukwera, kotero kuti mphamvu zimatha mobisika, ndipo zimayamba kutha mwa wamng'ono kapena wachikulire kwambiri pagulupo. N'chifukwa chake ulendowu muyenera kuukonza poyang'ana miyendo ya munthu wofooka kwambiri m'banjamo ndi nthawi imene dzuwa limalowa, ndipo kuchuluka kwa nsonga kubwere pambuyo.

Yambani ndi kusankha malo

Ngati banja lanu silinayendepo tsiku lathunthu, yambirani pafupi. Mapiri a m'nkhalango ya Kaning'ina, kum'mawa kwa mzindawu, mumawafika dzuwa lisanakwere, ndipo wina akalephera panjira, kubwerera kunyumba sikukhala nkhani yaikulu. Nkhalangoyi ndi yotetezedwa ndi boma, choncho musanalowemo mukafunse kaye ku ofesi ya zankhalango za chilolezo ndi za mbali zimene anthu amaloledwa kuyendamo. Kumbukiraninso kuti inayandikana ndi malo a asilikali a ku Moyale, ndiponso kuti mitsinje yake imathira m'damu la Lunyangwa, kumene kumachokera madzi amene timamwa mumzinda muno. Kum'mwera, motsata msewu wa M1 wopita ku Mzimba ndi ku Kasungu, kuli mapiri a Viphya, okhala ndi matanthwe akuluakulu oonekera patali monga lija lotchedwa Elephant Rock, komanso nkhalango ya paini ya Chikangawa. Kumeneko malo ndi otakasuka, koma misewu ya ocheka matabwa ndi yambiri ndipo imafanana zedi, moti munthu akhoza kumangozungulira pamodzimodzi akuyesa akupita patsogolo.

Malo amene ine ndimawaona oyenera kwambiri ulendo wa nsonga zingapo ndi ku Nyika, chifukwa kumtunda kwake kuli zitunda za udzu waufupi zotsatizanatsatizana, mwakuti mwana akaima pansonga yoyamba amaiona yekha nsonga yachiwiri ndi njira yopita kumeneko, ndipo zimenezi zimamulimbitsa mtima kuposa mawu alionse a makolo. Nsonga yaitali kwambiri kumeneko, ya Nganda, imapitirira pang'ono mamita 2,600, ndipo poyenda mukhoza kuona mbidzi, mphoyo, chilembwe ndi ntchefu zikudya msipu. Koma ku Nyika si kopita n'kubwerako tsiku lomwelo. Msewu wodzera ku Rumphi, ku Bolero ndi pachipata cha Thazima kukafika ku Chelinda umadya maola ambiri ndipo mbali yaikulu ndi wafumbi, choncho mukagone komweko usiku woti mawa lake mukwera. Malowa ndi osungirako nyama zakutchire kuyambira mu 1965, ndipo kuli akambuku ndi afisi, pomwe kumunsi kwake kumayendanso njovu. Mukonzeretu ndi akuluakulu a pamalopo kuti akupatseni wokutsogolerani, ndipo zimene iye wanena zikhale zomwezo.

Kenako sankhani mwezi. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo mu Malichi ndi Epulo dothi lofiira la m'zitunda limaterera koopsa. Mu Juni ndi Julayi kumwamba kumayera bwino masiku ena, koma masiku ena kumadzuka nkhungu ndi mvula yamawawa, ndipo ku Nyika kumagwa chisanu usiku. Ogasiti ndi wabwino chifukwa ana amakhala patchuthi ndipo njira zimakhala zouma, kungoti kuyambira mwezi umenewu mpaka mvula itagwa ndi nyengo ya moto wolusa, makamaka ku Chikangawa. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo ndipo timitsinje tambiri timaphwa. Masiku awiri ulendo usanachitike mverani pawailesi zimene a nthambi yoona zanyengo akunena. Akachenjeza asodzi za mwera panyanja, dziwani kuti kumtunda kuno kukhoza kubwera mitambo yozizira ndi mawawa, ndipo ndi bwino kusuntha tsiku.

Werengerani nthawi musanachoke pakhomo

Apa ndi pamene pagona ulendo wonse, ndipo ndikupemphani kuti mutenge cholembera. Pezani mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo, kaya aja a boma a 1:50,000 (amene sentimita imodzi pamapu imaimira mamita 500) kapena a pafoni amene mungawasunge kuti azioneka ngakhale popanda intaneti. Pali kawerengedwe kakale kamene anakayambitsa William Naismith wa ku Scotland mu 1892, ndipo oyenda m'mapiri amakagwiritsabe ntchito: munthu wamkulu wamphamvu zake amayenda makilomita 5 pa ola, ndipo pa mamita 600 alionse amene wakwera amawonjezapo ola limodzi.

Tiyerekeze kuti mwasankha njira yozungulira ya makilomita 14 yokhala ndi nsonga zitatu. Kuchoka pamene mwasiya galimoto kufika pansonga yoyamba mukwera mamita 450. Mukatero mutsika mamita 200 kulowa mumpata n'kukweranso mamita 250 kufika pansonga yachiwiri, kenako mutsika mamita 150 n'kukwera ena 200 kufika pa yachitatu. Nsonga yomalizayi yatalika ndi mamita 550 okha kuchokera pamene pali galimoto, koma miyendo yanu yakwera mamita 900, ndipo chiwerengero chachiwirichi ndi chimene muyenera kugwiritsa ntchito. Makilomita 14 atenga pafupifupi maola awiri ndi mphindi 50, kukwerako kutenga ola limodzi ndi theka, zonse pamodzi pafupifupi maola anayi ndi mphindi 20. Popeza muli ndi ana, wonjezanipo theka la nthawi imeneyi, zimene zikukupatsani maola asanu ndi limodzi ndi theka, ndipo mukaphatikiza ola limodzi ndi theka lopuma ndi kudya, ulendo wonse ndi wa maola 8.

M'miyezi yopanda mvula dzuwa kuno limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, ndipo likangolowa mdima suchedwa. Mukanyamuka 6 koloko m'mawa, ulendo wa maola 8 uja mumaumaliza 2 koloko masana, n'kutsala ndi maola atatu ndi theka oti akuthandizeni wina akabinya mwendo kapena mukasochera pang'ono. Mukanyamuka 9 koloko chifukwa chodikira tiyi ndi kusakasaka nsapato ya mwana, mumamaliza 5 koloko, ndipo vuto lililonse laling'ono limakupezetsani ndi usiku muli kuphiri. Ngati masamu anu akuonetsa maola opitirira 8, chotsanipo nsonga imodzi muli pakhomo pomwepo.

Mukatha kuwerengera, ikani nsongazo m'dongosolo. Yovuta kwambiri ikhale yoyamba kapena yachiwiri, miyendo idakali ndi mphamvu ndiponso kunja kusanatenthe. Kenako yang'anani mpata uliwonse pamapu n'kudzifunsa ngati pali njira yotsikira kumsewu kapena kumudzi kuchokera pamenepo. Njira yabwino ya banja ndi imene ili ndi potulukira pamipata yambiri, chifukwa ikupatsani ufulu wosiyira ulendo pakati popanda kubwerera m'mbuyo kudzeranso pansonga zimene mwadutsa kale. Pomaliza gwirizanani nthawi yobwerera, mwachitsanzo kuti 1 koloko ikakwana musanafike pansonga yomaliza, mutsika basi. Nthawi imeneyi muinene pamaso pa ana tsiku loti mawa ndi ulendo, ndipo woisunga asakhale uja amene akufunitsitsa kumaliza nsonga zonse. Nthawi zambiri abambo ndi anyamata ndi amene amati "tangotsala pang'ono", choncho wotchi aigwire amayi kapena azakhali, ndipo akati tibwerere pasakhale mtsutso.

Pezani munthu wodziwa njira. Mapu sasonyeza tinjira ta ootcha makala ndi otola nkhuni, timene timaoneka topondedwa bwino kuposa njira yeniyeni koma timakathera pa uvuni wa makala pakati pa thengo. Ngati mukuyambira pamudzi, mukaonekere kwa amfumu, munene kumene mukupita, ndipo mufunse ngati kuphiriko kuli manda kapena malo ena amene eni dera amawalemekeza. Safunsa anadya phula. Madera ambiri ozungulira Mzuzu anthu amalankhula Chitumbuka, ndipo "monire" ndi "yewo" wochokera pakamwa pa ana anu amafewetsa zambiri. Za malipiro a wokutsogolerani mugwirizane musananyamuke, ndipo pachakudya mumuwerengere. Siyaninso uthenga kwa m'bale wotsala mumzinda, wonena malo oyambira, nsonga zimene mudutse, amene muli nawo ndi nthawi imene ayambe kukufunafunani mukapanda kuimba. Musadalire foni yokha, chifukwa netiweki imagwira pansonga zina koma m'zigwa imasowa.

Masabata atatu kapena anayi ulendo usanafike, muziyenda pamodzi Loweruka lililonse, kuyambira ndi maola awiri n'kumawonjezera, mutavala nsapato zomwe mudzavale tsikulo. Zitunda za mumzinda mommuno n'zokwanira kukuonetsani amene amatsalira ndi amene nsapato zimamuluma. Amene ali ndi mphumu, shuga kapena vuto la kuthamanga kwa magazi ayambe waonana ndi dokotala.

Zonyamula

Pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye kuti pazitunda za Nyika mphepo yake imaposa ya ku Mzuzu imene timaidandaula kale. Aliyense avale zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi cholemera, kuti azitha kuvula akatuluka thukuta ndi kuvalanso akaima. Pakhale juzi, jekete yosalowa madzi, chipewa, ndi buluku lalitali loteteza ku udzu wocheka, nkhupakupa ndi chitedze. Zonsezi zimapezeka pa kaunjika. Nsapato zikhale zotseka, za mphira wogwira pansi, ndiponso zoti zinavalidwapo kale, chifukwa nsapato yatsopano imatulutsa matuza nsonga yoyamba isanafike. Masilipasi atsale kunyumba. Masokosi owonjezera ndi ofunika chifukwa mame a m'mawa amanyowetsa mapazi. Tengani zitenje ziwiri, pakuti chitenje chimafunditsa wozizidwa, chimamanga mwendo wobinya, ndipo chimaberekera mwana amene watopa. Dzuwa la kumtunda limawotcha khungu ngakhale kukuzizira, choncho mwana wachialubino akhale ndi chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta ake oteteza khungu.

Madzi ndi amene amalemera, lita imodzi kilogalamu imodzi, koma musawachepetse. Pa ulendo wa maola 8 munthu wamkulu akhale ndi malita atatu, mwana lita imodzi ndi theka kapena awiri. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera chotani, muwathire WaterGuard n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Tengani mapaketi a Thanzi ORS; ngati palibe, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Chakudya chikhale chosafuna moto: mbatata kapena chinangwa chophika, nthochi, mtedza wokazinga, mazira owiritsa, zitumbuwa, chigumu, ndi tiyi wa shuga mu fulasiki. M'kachikwama ka mankhwala muikemo panado, mapulasitala, bandeji yotanuka ndi mankhwala a aliyense amene amamwa tsiku ndi tsiku. Matochi akhale awiri ngakhale mukuyembekeza kubwerako masana. Mwana aliyense anyamule yekha botolo lake la madzi, juzi yake ndi wezulo, ndipo chikwama chake chisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lake.

Tsiku la ulendo

Idyani phala kapena chakudya china chokhalitsa m'mimba musananyamuke, ndipo yambani kuyenda kukangoyera. Kutsogolo kukhale wodziwa njira, pambuyo pake pabwere woyenda pang'onopang'ono kuposa onse, ndipo kumapeto kukhale munthu wamkulu amene sadutsidwa ndi aliyense. Wofooka mukamuika kumbuyo, amafika pamene anzake akupuma iwo akunyamuka kale, ndiye iye sapuma konse. Liwiro loyenera ndi limene mukutha kucheza mukukwera popanda kubanika. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo pachitunda chachitali timasitepe tating'ono tosalekeza timafikitsa msanga kuposa kuthamanga n'kumaima. Muzipuma mphindi khumi ola lililonse, ndipo pa kupuma kulikonse ana amwe ndi kudya kanthu ngakhale asanapemphe.

Mukafika pansonga, aliyense avale juzi nthawi yomweyo thukuta lisanazizire, ndipo mukhale pansi kuseri kwa mwala kumene mphepo sikuwomba. Aonetseni ana kumene mwachokera ndi kumene mukupita, ndipo tsiku loyera bwino, pansonga zoyang'ana kum'mawa, afunefune okha nyanja. Ojambula zithunzi asayandikire m'mphepete mwa thanthwe, ndipo wamng'ono agwiridwe dzanja. Musakhalitse pansonga yoyamba, chifukwa chisangalalo chake chimadya nthawi ya nsonga zotsalazo.

Chigamulo chopitirira kapena kusiya muzichipanga mumpata, musanayambe chitunda chotsatira. Pamenepo khalani pansi, yang'anani wotchi, ndipo yang'anani mwana aliyense payekha. Mukamufunsa ngati watopa adzakana, makamaka pamaso pa achimwene ake, choncho yang'anani zizindikiro. Mwana amene anali kulongolola m'mawa koma tsopano wangoti zii, amene wayamba kupunthwa pamalo osalala, amene akukana chakudya chimene amachikonda, kapena amene sanakodze chinyamukireni, ameneyo wafika pamapeto a mphamvu zake. Muvuleni nsapato muone zidendene ndi zala. Pamene pafiira mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke. Khanda lakumsana muzilikhudza manja ndi mapazi kawirikawiri, chifukwa inu mukutenthedwa ndi kuyenda pamene ilo langokhala mumphepo. Agogo afunseni za mawondo, pokumbukira kuti nsonga iliyonse yowonjezera ili ndi mtsetse wake. Ngati mmodzi yekha sangathe, tsikani nonse. Kugawa gulu n'koyenera pokhapokha ngati mbali iliyonse ili ndi munthu wamkulu wodziwa njira, madzi, tochi ndi foni.

Mtsetse womaliza ndi umene umavulaza anthu ambiri, chifukwa miyendo imakhala itatopa ndipo maganizo ali kale kunyumba. Mangitsaninso zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo, gwiritsani ntchito ndodo, ndipo letsani ana kuthamanga. Pamalo a timiyala togubuduka kapena masamba a paini ouma, amene amaterera kwambiri, tsikani chammbali mmodzimmodzi, wamkulu ali kumunsi kwa mwana.

Zinthu zikasintha muli kumtunda

Nkhungu ikakutsekerani, imani, sonkhanani pamodzi, valani zofunda ndipo werenganani. Ngati njira ikuonekabe bwino pansi, bwererani nayo pang'onopang'ono mutayandikana. Ngati siikuoneka, dikirani, ndipo musayese kutsika motsata khwawa poganiza kuti madzi akufikitsani kumudzi, chifukwa kum'mawa kwa mapiri athuwa makwawa ambiri amakathera kuphompho. Ana muwaphunzitsiretu kuti akapezeka ali okha asayendenso, akhale pomwepo n'kumaimba wezulo katatu, kupuma, n'kuimbanso katatu.

Mukamva bingu, chokani pansonga ndi pamsana pa phiri nthawi yomweyo, musabisale pansi pa mtengo umene waima pawokha, ndipo musakwerenso mpaka patapita mphindi 30 chimvereni bingu lomaliza. Mukaona utsi, yang'anani kumene mphepo ikulowera. Moto umathamanga kwambiri pokwera chitunda kuposa potsika, choncho musathawire kumtunda kutsogolo kwake; pitani chammbali, kumsewu, pathanthwe lopanda udzu kapena pamalo amene apsa kale. Inuyo musakoleze moto kuphiri, ndipo zinyalala zanu zonse mubwerere nazo.

Munthu akayamba kunjenjemera kosalekeza, kulankhula mosamveka bwino ndi kuyenda mwadzandidzandi, wazizidwa mpaka m'kati. Muvuleni zonyowa, mufunditseni zouma, mukumbatireni, mumwetseni tiyi wotentha ngati akutha kumeza, ndipo ulendo uthere pomwepo. Njoka imene muyenera kusamala nayo kwambiri ndi mphiri, chifukwa siithawa ikamva mapazi koma imangogona m'njira kapena pamwala wofunda. Musaponde kapena kupisa dzanja pamene simukuonapo. Wina akalumidwa, musamuteme mphini, musayamwe bala, ndipo musamange mwendo ndi chingwe kapena mphira. Mukhazikeni mtima pansi, muvuleni nsapato, mphete ndi zibangili kutupa kusanayambe, mangirirani mwendowo kundodo mosathinitsa kuti usamagwedezeke, ndipo munyamuleni kupita naye kuchipatala chapafupi. N'chifukwa chake musananyamuke muyenera kudziwa ngati chapafupi ndi cha Mzuzu Central, cha Ekwendeni, cha Rumphi kapena cha Mzimba, ndiponso woyendetsa galimoto amene mungamuimbire.

Mukatsika, chinthu choyamba ndi kuimbira m'bale uja munamusiyira uthenga, kuti asayambe kudzutsa anthu. Ngati munayambira pamudzi, mukatsanzike kwa amfumu. Madzulo posamba yang'anani ana m'mutu, kuseri kwa makutu, m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo ngati muli nkhupakupa, ndipo mukaipeza muigwire pafupi ndi khungu n'kuizula pang'onopang'ono osaifinya mimba, kenako mutsuke pamalopo ndi sopo. Kuwawa kwa ntchafu ndi akatumba kumakula tsiku lachiwiri ndipo kumatha kokha. Koma mwendo wotupa umene munthu akulephera kuupondera, kapena kutentha thupi kumene kwayamba m'masabata awiri otsatira, mupite nako kuchipatala, ndipo mukawafotokozere adokotala kuti munali kuphiri ndi tsiku limene munapitako.